Madzi a M'mipopi ndi Vuto la Kuthira Klorini: Boma la Chifunde ndi Madera Oyandikana Nalo

Munthu akafuna kudziwa ngati madzi ndi abwino amadalira maso, mphuno ndi lilime, koma tizilombo toyambitsa kolera, tayifodi, kamwazi ndi matenda ena otsegula m'mimba sitioneka, sitinunkha ndiponso sitisintha kakomedwe ka madzi, kotero kuti madzi oyera mbee angathe kugoneka banja lonse m'chipatala. Pachifukwa ichi tauni iliyonse yogawira anthu madzi kudzera m'mapaipi imayenera kupha tizilomboti madziwo asanafike kwa womwa, ndipo njira imene yafala padziko lonse ndiyo kuthira klorini, mankhwala amene amawononga khungu ndi zamkati za tizilombo mpaka kulephera kuswana. Mankhwalawa ndi otchipa ndipo kagwiritsidwe kake kakhala kakudziwika kwa zaka zoposa 100, komabe ntchito yowathira imalephereka kawirikawiri m'matauni ang'onoang'ono, ndipo kulepherekako sikudziwika mpaka odwala atayamba kudzaza m'zipatala. Boma la Chifunde ndi malo oyenera kuunikirapo nkhaniyi, chifukwa kutalikira kwake, mvula yake, msewu wake waukulu ndiponso malire ake zimasonkhanitsa pamodzi pafupifupi zonse zimene zimafooketsa chitetezo cha madzi akumwa.

Dera la Chifunde ndi magwero a madzi ake

Boma la Chifunde lili kumpoto kwa chigawo cha Tete m'dziko la Mozambique, ndipo limachita malire ndi dziko la Zambia kumpoto, boma la Macanga kum'mawa, la Chiuta kumwera ndi la Marávia kumadzulo. Linagawidwa m'madera atatu a ulamuliro, omwe ndi Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu, ndipo kalembera wa 2007 anapezamo anthu opitirira pang'ono 100,000, ambiri mwa iwo Achewa olima chimanga ndi fodya. Mitsinje ya Luia ndi Capoche imatsetsereka kulowera ku Zambezi, ndipo m'dzinja, kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, imasefukira ndi kufiira ndi dothi lokokoloka m'minda, pamene m'chilimwe timitsinje tambiri timauma mpaka anthu kumafukula mchenga kuti apeze madzi. Monga m'maboma ena akumidzi, mabanja ambiri amatunga pa mijigo, m'zitsime zokumba ndi manja ndi m'mitsinje, ndipo madzi a m'mipopi, kumene alipo, amachokera ku makina ang'onoang'ono okhala ndi pampu, thanki yapamwamba ndi mipopi yotungapo anthu ambiri, imene m'Chipwitikizi imatchedwa fontanário.

Msewu wa N9, wochokera ku mzinda wa Tete kupita ku chipata cha Cassacatiza, mtunda woposa makilomita 250, umadutsa m'bomali, ndipo magalimoto akuluakulu onyamula katundu wa ku doko la Beira amaudzera polowa ku Zambia kudzera pa Chanida ndi Katete. Anthu a mbali zonse za malirewo ndi pachibale, amakwatirana, amagulitsana malonda, amayenderana pa maliro, ndipo chaka ndi chaka mu Ogasiti Achewa a ku Mozambique, Zambia ndi Malawi amakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kuyenda kotereku ndi chuma cha derali, koma kumatanthauzanso kuti mliri wobuka ku Lusaka, ku Lilongwe kapena ku Tete suchedwa kufika pamsika wa m'mbali mwa msewu. Zaka zaposachedwa zaonetsa kukula kwa chiopsezocho: kolera amene anayamba m'Malawi mu Malichi 2022 anadwalitsa anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700; amene anabuka m'boma la Lago ku Niassa mu Seputembala 2022 anafalikira m'zigawo zambiri za Mozambique, kuphatikizapo Tete, makamaka namondwe wa Freddy atawomba mu Febuluwale ndi Malichi 2023, ndipo odwala anapitirira 30,000; pomwe ku Zambia mliri wa 2023 mpaka 2024 unachititsa boma kusandutsa bwalo la masewera la National Heroes ku Lusaka kukhala malo ochizirako odwala.

Mmene klorini amagwirira ntchito

Kuthira klorini m'madzi a tauni mosalekeza kunayesedwa ku Lincoln ku England mu 1905 pa nthawi ya mliri wa tayifodi, kenako kunakhazikika ku Jersey City ku America mu 1908 motsogozedwa ndi dokotala John L. Leal, ndipo m'zaka zotsatira imfa za tayifodi zinatsika kwambiri m'mizinda imene inatengera njirayi. Mizinda ikuluikulu imagwiritsa ntchito klorini wa mpweya wosungidwa m'masilinda, koma makina ang'onoang'ono amadalira klorini wa ufa kapena wa timibulu, wodziwika ndi dzina la HTH, amene mphamvu yake imakhala magawo 65 mpaka 70 pa 100 alionse, kapenanso klorini wamadzi wofanana ndi amene amagulitsidwa m'timabotolo ta Certeza ku Mozambique, WaterGuard ku Malawi ndi Clorin ku Zambia.

Klorini akalowa m'madzi, gawo lake loyamba limathera polimbana ndi dothi, masamba owola, chitsulo chosungunuka ndi zonyansa zina, ndipo kuchuluka kwa gawo lotayikali kumasiyana malinga ndi gwero la madzi ndi nyengo. Gawo lotsala pambuyo pake ndilo limapha tizilombo ndi kupitiriza kuteteza madzi m'thanki, m'mapaipi ndi m'chigubu cha kunyumba, ndipo akatswiri amalitcha klorini wotsala. Klorini wotsalayu ali ngati kamba wa paulendo: akachepa amathera panjira, madzi n'kufika kwa womwa alibe chowateteza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti patatha mphindi 30 chithirireni mankhwala, klorini wotsala akhale osachepera 0.5 mg pa lita, ndiye kuti theka la miligalamu pa lita iliyonse ya madzi, ndipo pampopi potungira asatsike pansi pa 0.2 mg pa lita. Malamulo a Unduna wa Zaumoyo wa Mozambique okhudza madzi akumwa, amene anatuluka mu 2004 pa chikalata chotchedwa Diploma Ministerial 180/2004, amaika muyeso wa pakati pa 0.2 ndi 0.5 mg pa lita. Pa nthawi ya mliri wa kolera muyesowu umakwezedwa, kotero kuti pa mipopi ya anthu ambiri pamafunika pafupifupi 1 mg pa lita, pofuna kuti chitetezo chikafike mpaka mumtsuko.

Zinthu zitatu zimalamulira mphamvu ya klorini. Choyamba ndi nthawi, popeza mankhwalawa sapha tizilombo pompopompo, ndipo madzi otungidwa mphindi 30 zisanakwane amakhala asanatetezeke. Chachiwiri ndi pH, muyeso wosonyeza ngati madzi akupendekera ku asidi kapena ku chidulo, ndipo akapitirira 8 kulowera ku chidulo klorini amafooka moti pamafunika nthawi yotalikirapo kapena mankhwala ochulukirapo. Chachitatu ndi kuvunduka kwa madzi, kumene kumayesedwa ndi muyeso wotchedwa NTU. Madzi oti athiridwe klorini ayenera kukhala pansi pa 5 NTU, ndipo zimakhala bwino kwambiri akakhala pansi pa 1, chifukwa tizilombo timabisala m'timibulu ta dothi momwe mankhwala salowa msanga.

Kuchepa kwa mankhwala ofunika kumadabwitsa amene sanawerengepo. Thanki ya malita 10,000 ya madzi a pansi panthaka osavunduka, ikathiridwa pa muyeso wa 1 mg pa lita, imafuna magalamu pafupifupi 15 a HTH, amene ndi supuni yaikulu imodzi, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ingateteze malita oposa 600,000. Mtengo wa ufawo, tsono, si umene umalepheretsa ntchitoyi. Chimene chimavuta ndi chakuti supuni imeneyi iyenera kupezeka, kuyezedwa, kusungunulidwa, kuthiridwa ndi kutsimikiziridwa tsiku lililonse la chaka, ndipo pa sitepe iliyonse pali polakwikira.

Kumene chitetezo chimadukira

Malo oyamba ndi pagwero penipeni. Makina otunga mumtsinje amalandira madzi oyera m'chilimwe koma ofiira mvula yoyamba ikangogwa, ndipo mvula yomweyo ndiyo imakokolola ndowe za ziweto ndi zonyansa za anthu kuchokera kutchire ndi m'zimbudzi zosefukira. Motero nyengo imene tizilombo timachuluka ndi yomweyonso imene klorini amatha msanga, ndipo woyendetsa makina amene amathira muyeso umodzimodzi chaka chonse amakhala akugawa madzi opanda chitetezo m'miyezi yoopsa kwambiri. Madzi otere amayenera kuyamba adikha, kawirikawiri mothandizidwa ndi alamu, mankhwala ophatikiza timibulu ta dothi kuti tilemere ndi kumira, kenako n'kusefedwa mumchenga, ndipo makina opanda zigawo zimenezi sangakonze madzi a mtsinje wa m'dzinja ngakhale klorini atachuluka motani. Madzi a m'chitsime chakuya amakhala otetezeka kwambiri, koma simenti yozungulira pakamwa pake ikang'ambika, kapena chimbudzi chikakumbidwa pafupi kumtunda kwake, madzi a mvula amalowa ndi zonyansa. Ku Walkerton, tauni ya anthu pafupifupi 5,000 ku Canada, mvula yamphamvu ya mu Meyi 2000 inalowetsa ndowe za ng'ombe m'chitsime china cha tauniyo, anthu 7 anamwalira ndipo pafupifupi 2,300 anadwala. Kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza Dennis O'Connor anapeza kuti ogwira ntchito ankathira klorini wosakwanira, sankayeza klorini wotsala tsiku ndi tsiku, ndipo ankalemba manambala abodza m'kaundula.

Malo achiwiri ndi mankhwala enieniwo. Klorini amataya mphamvu akakhala pamalo otentha, padzuwa kapena m'chitini chosatseka bwino, ndipo wamadzi amafooka mofulumira kuposa wa ufa. M'chigwa cha Zambezi ndi madera ozungulira, kumene Okutobala ndi Novembala amatentha koopsa, ndowa ya HTH yosiyidwa m'kanyumba ka malata ingakhale itachepa mphamvu kwambiri isanathe, ndipo woyeza ndi supuni sangadziwe zimenezi popeza ufawo umaonekabe chimodzimodzi. Palinso vuto la kapezedwe, chifukwa mankhwalawa amachokera kutali, ambiri kunja kwa dziko, ndipo amadalira ndalama, galimoto ndi msewu wodutsika. Ngakhale mizinda ikuluikulu yagwapo pamenepa: kumayambiriro kwa Disembala 2008 mzinda wa Harare unasowa madzi a m'mipopi chifukwa bungwe loyendetsa madzi linalibe mankhwala okonzera madzi, pa nthawi imene kolera woyambira ku Chitungwiza anali atafalikira, ndipo mliriwo pofika mu 2009 unali utadwalitsa anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000. Ngati likulu la dziko lingathe kukhala lopanda mankhwala, tauni ya m'malire yotalikirana ndi likulu la chigawo ndi ulendo wa maola angapo iyenera kukhala ndi nkhokwe ya miyezi ingapo mvula isanayambe.

Malo achitatu ndi kathiridwe ndi kayezedwe. Pa makina ang'onoang'ono ufa umasungunulidwa m'mgolo wapulasitiki, kenako madzi a mankhwalawo amadontha pang'onopang'ono kulowa m'thanki kudzera m'kapaipi kakang'ono. HTH amasiya matope oyera pansi pa mgolo, ndipo ngati sanapatsidwe nthawi yodikha matopewo amatseka kapaipi, kudontha n'kusiya popanda wodziwa, pampu ikugwirabe ntchito ndipo mipopi ikutulutsabe madzi. Kumene kulibe chipangizo chodonthezera, ufa umathiridwa m'thanki kamodzi m'mawa, kotero kuti otunga oyamba amalandira madzi a fungo lamphamvu pamene otunga madzulo amalandira opanda mankhwala konse. Muyeso woyenera umapezeka ndi njira yosavuta ya ndowa: magalamu 15 a HTH amasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi, ndowa zinayi kapena zisanu za malita 20 zimadzazidwa ndi madzi a pagwero, iliyonse imathiridwa madzi a mankhwalawo ndi sirinji mochulukirachulukira, ndipo patatha mphindi 30 ndowa imene yasunga klorini wotsala wokwanira ndiyo imasonyeza muyeso wa tsikulo. Choyezera chake ndi kabokosi kapulasitiki kokwana m'dzanja, kamene kamadzazidwa madzi n'kuponyamo kapiritsi kotchedwa DPD. Madzi akasanduka ofiirira, mtunduwo umayerekezedwa ndi mitundu yojambulidwa pambali pa kabokosiko, ndipo akakhalabe oyera ndiye kuti mulibe klorini. Timapiritsi timeneti tikatha, woyendetsa makina amangothira mongoganizira, ndipo palibe amene angatsimikize kuti madzi akutetezedwa.

Malo achinayi ndi m'mapaipi. Paipi yodzaza madzi othamanga imakankhira madzi kunja pa chibowo chilichonse, choncho zonyansa sizilowa. Koma madzi akasiya, chifukwa magetsi azima, mafuta a jenereta atha, kapena mitambo yaphimba dzuwa pa makina a sola, paipiyo imakhala yopanda kanthu ndipo imayamwa madzi a m'dothi lozungulira. Madzi akabweranso amanyamula zonse zimene zinalowa, ndipo nchifukwa chake madzi oyamba kutuluka pampopi umene unauma amakhala oopsa kwambiri. Anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anaona zimenezi mu Julayi 2017, pamene zonyansa zochokera m'paipi ya zimbudzi zinalowa m'paipi ya madzi akumwa yophulika n'kutulukira m'mipopi ya m'nyumba zawo, ndipo nkhaniyo inakathera kukhothi. Ku Uvira, m'dziko la Democratic Republic of Congo, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anasonyeza kuti odwala kolera ankachuluka m'masiku otsatira kuduka kwa madzi a m'mipopi, chifukwa china n'chakuti anthu ankabwerera kumitsinje ndi kunyanja. Kuwonjezera apo, klorini amachepa ndi kutalika kwa ulendo, makamaka m'mapaipi otenthedwa ndi dzuwa ndi m'mathanki osatsukidwa momwe mwadikha matope, motero mpopi wa kumapeto kwa mzere, umene nthawi zambiri umakhala wa anthu osauka, ndiwo umayamba kutaya chitetezo.

Malo omaliza ndi pakati pa mpopi ndi pakamwa. Umboni wamphamvu pa nkhaniyi unachokera kwa anthu a ku Mozambique omwe, pa nthawi imene ankathawa nkhondo imene inatha mu 1992. Pa msasa wa othawa nkhondo wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje ku Malawi, kumene kolera anabuka mu 1990, ofufuza anapeza kuti mabanja amene ankapisa manja m'chosungira madzi anali pachiopsezo chachikulu. Kafukufuku wina wochitika pa msasa womwewo zaka zochepa pambuyo pake anaona kuti madzi otuluka pa mjigo anali abwino koma ankadetsedwa ndi zala za otunga potsuka ndi posenza ndowa, ndipo ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi kampopi inachepetsa tizilombo ta m'chimbudzi m'madzi ndi magawo 69 pa 100, ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka 5 ndi magawo 31 pa 100. Pamene madzi amasenzedwa pamutu, masamba ataikidwa pamwamba kuti asakhutukire, n'kukasungidwa mumtsuko wotungiramo ndi chikho chimodzi banja lonse, klorini wotsala ndiye yekha amene angaphe tizilombo tolowa pambuyo.

Zimene klorini sangathe

Kachilombo ka kolera ndi ka tayifodi timafa msanga ndi klorini, koma pali tizilombo tina tokhala ndi chikhungwa cholimba, makamaka Cryptosporidium, timene timapirira muyeso wa m'madzi akumwa ndipo timachotsedwa ndi kusefa kapena kuwiritsa. Ku Milwaukee ku America mu 1993 anthu pafupifupi 400,000 anadwala ndi kachilomboka ngakhale madzi awo ankathiridwa klorini, chifukwa masefa sanagwire bwino ntchito. Klorini sachotsanso mankhwala a poizoni, ndipo mfundoyi ndi yofunika m'madera a kumpoto kwa Tete kumene anthu amakumba golide ndi manja, popeza kutsuka dothi la golide kumavundula mitsinje, ndipo mekyule, chitsulo chamadzimadzi chimene okumba ambiri amagwirira golide, sachoka ndi klorini kapena ndi kuwiritsa. Chitetezo chachikulu pamenepa ndi kusankha gwero lotalikirana ndi migodi ndi kulitchinjiriza.

Mu 1974 katswiri wa ku Rotterdam, Johannes Rook, anasonyeza kuti klorini akakumana ndi zomera zowola m'madzi amapanga timankhwala tina timene tingakhale ndi vuto pa thanzi tikamwedwa mochuluka kwa zaka zambiri. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chinanso chosefera madzi asanathiridwe mankhwala, koma WHO imanenetsa kuti kupha tizilombo kusafooketsedwe pofuna kupewa timankhwalati, pakuti chiopsezo chake ndi chaching'ono ndi chapatali poyerekeza ndi kolera, amene angaphe munthu wamkulu wathanzi m'maola ochepa.

Fungo, mphekesera ndi chikhulupiriro

Madzi otetezedwa bwino sapindula kanthu ngati anthu akuwakana. Klorini akathiridwa mopitirira, madzi amanunkha, tiyi amasintha kukoma, ndipo mabanja amasiya mpopi n'kubwerera kuchitsime chosatetezedwa, kotero kuti kuchulutsa mankhwala kumabala zotsatira zofanana ndi kusathira. Choopsa kwambiri ndi mphekesera zakuti othira mankhwala m'zitsime ndiwo amabweretsa kolera, zimene zakhala zikubuka kumpoto kwa Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2009 ku Mogincual m'chigawo cha Nampula anthu ongodzipereka a bungwe la Red Cross anaukiridwa ndipo ena anaphedwa pa chifukwa chimenechi, ndipo m'zaka zotsatira nyumba za atsogoleri a m'midzi ndi malo ochizirako kolera zakhala zikuphwanyidwa m'maboma angapo. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Carlos Serra, m'buku lake la 2003 lotchedwa Cólera e Catarse, anafotokoza kuti gwero la mkwiyowu si umbuli, koma kusakhulupirira akuluakulu amene saoneka pa mavuto a tsiku ndi tsiku n'kungotulukira mwadzidzidzi ndi mankhwala anthu atayamba kufa.

Phunziro lake ndi lomveka kwa dera lililonse la malire ngati Chifunde. Klorini amene amafika ndi galimoto za mliri zokha amalumikizidwa ndi imfa m'maganizo a anthu, pamene klorini amene amathiridwa chaka chonse ndi munthu wodziwika wa pamalopo, n'kumayezedwa poyera pamaso pa amayi otunga madzi, mafumu, anyakwawa ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amasanduka chinthu chozolowereka. Ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi, amene ku Mozambique akhala akudziwika ndi dzina la APE, ali ndi mwayi wofotokoza zimenezi m'chinenero cha anthu, ndipo kuona ndi maso madzi akusintha mtundu m'kabokosi koyezera kumakhutiritsa kuposa chilengezo cha pawailesi.

Udindo ndi ndalama

M'dongosolo la madzi la Mozambique, bungwe la FIPAG, lokhazikitsidwa mu 1998, linapatsidwa mizinda ikuluikulu monga Tete ndi Moatize. Bungwe la AIAS, lokhazikitsidwa mu 2009, linapatsidwa matauni ang'onoang'ono. Bungwe la AURA linapatsidwa ntchito yoyang'anira mitengo ndi ubwino wa ntchito. Madzi akumidzi anaikidwa pansi pa ndondomeko ya PRONASAR, ofesi ya boma yoona za mapulani ndi zomangamanga yotchedwa SDPI, ndi makomiti a madzi a m'midzi. Ndondomeko ya PRAVIDA, imene inayamba mu 2018, inawonjezera mijigo ndi makina a madzi m'zigawo zonse. Kumanga kotereku n'kofunika, koma ndalama za chitukuko zimalipira pampu, thanki ndi mapaipi, pomwe mankhwala, timapiritsi toyezera ndi malipiro a woyendetsa makina zimayembekezeka kuchokera m'ndalama zimene otunga amalipira pa chigubu kapena pamwezi. M'dzinja, mabanja akamatunga madzi a mvula ndipo ndalama za fodya zisanabwere, zolowa zimatsika, ndipo woyendetsa makina akakakamizika kusankha pakati pa magetsi ndi klorini amasankha magetsi, popeza mpopi wouma umaonedwa ndi aliyense pamene madzi opanda mankhwala saonedwa ndi munthu.

Apa ndi pamene pagona vuto lonse. Kusowa kwa madzi kumadzutsa madandaulo tsiku lomwelo, koma kusowa kwa klorini kulibe wodandaula, choncho kumafuna woyang'anira wochokera kunja kwa makinawo. Kuyeza tizilombo ta E. coli, timene kupezeka kwake kumasonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi, kumafuna labotale kapena zipangizo zapadera, madzi osungidwa pozizira ndi tsiku lathunthu lodikira, zimene n'zovuta kuchita pafupipafupi kutali ndi mzinda. Kuyeza klorini wotsala kumatenga mphindi imodzi ndipo namwino, mphunzitsi kapena membala wa komiti angakuphunzire m'mawa umodzi. Ndi muyeso umenewu umene boma lakumidzi lingathe kuugwira ndi manja ake.

Zoyenera kuchitika

Njira zothetsera vutoli n'zodziwika ndipo sizifuna luso lachilendo. Makina aliwonse atsopano ayenera kukhala ndi chipangizo chothirira klorini mogwirizana ndi kuchuluka kwa madzi, ndi thanki yopatsa mankhwala mphindi 30 zake, ndipo otunga mumtsinje asavomerezedwe opanda podikhira ndi posefera. Mtengo wa mankhwala ndi timapiritsi uyenera kulembedwa padera m'mgwirizano wa woyendetsa makina, ndipo nkhokwe ya m'dzinja ifike mwezi wa Okutobala usanathe n'kusungidwa pozizira ndi pamdima. Kumene mayendedwe ndi ovuta, pali timakina topanga klorini wamadzi kuchokera ku mchere wa pakhomo ndi magetsi a sola, timene tingathandize chipatala ndi makina a madzi pamodzi. Mathanki atsukidwe kawiri pachaka, mapaipi odontha akonzedwe msanga, paipi yokonzedwa itsukidwe ndi klorini wamphamvu isanatsegulidwe, ndipo madzi akaduka kapena muyeso ukatsika anthu auzidwe tsiku lomwelo kuti awiritse madzi kapena athire Certeza. Popeza mliri sudziwa malire, maofesi a zaumoyo a Chifunde ndi a maboma oyandikana nawo ku Zambia ndi ku Malawi ayenera kuchenjezana wodwala woyamba akangopezeka, kuti muyeso wa klorini ukwezedwe mbali zonse nthawi imodzi.

Koposa zonse, klorini wotsala ayezedwe tsiku lililonse pathanki ndi pampopi wakutali kwambiri, nambala yake ilembedwe pa bolodi pamalo otungira, ndipo wogwira ntchito zaumoyo aziyezanso payekha nthawi ndi nthawi kuti kaundula asasanduke wa manambala ongopeka. Akuluakulu a boma, mabungwe othandiza ndi makomiti a madzi ayenera kuleka kuwerenga kupambana ndi kuchuluka kwa mathanki omangidwa ndi mipopi yotsegulidwa, ayambe kufunsa kuti ndi masiku angati pachaka amene mpopi wa kumapeto unatulutsa madzi okhala ndi 0.2 mg pa lita kapena kuposerapo. Makina amene sangayankhe funso limeneli akugawa madzi amene chitetezo chake sichikudziwika, ndipo anthu a ku Chifunde amene amalipira madziwo ali ndi ufulu wofuna yankho.